VINYO WOSASA WA MAAPOZI: KODI KUDZILETSA KUGULIDWA M'BOTOLO?

M'masitolo a pa boma la Katete, ndi m'magolosale a m'mbali mwa mseu waukuru wa Great East pa Sinda, mwafika malonda amene makolo sanawadziwa. Ndiwo mabotolo a madzi ofiirira, a pfungo ngati la thobwa logonera, olembedwa m'Cingerezi kuti apple cider vinegar, ndiko kunena viniga wa maapozi, kapena m'cinenero ca Buku Lopatulika, vinyo wosasa. Mbiri yace yafika ngakhale ku Vubwi, kumalire a Malawi ndi Mozambique, pakuti mbiri ya makono iyenda pa lamya ya m'manja, ndipo ifika msanga koposa njinga. Ogulitsa anena kuti munthu akamwa supuni imodzi kapena ziwiri m'madzi ofunda m'mamawa, asanalawe kanthu, mafuta a m'thupi mwace asungunuka monga phula pamoto, ndi mimba yace iphwa, iye osasintha kadyedwe, osakhetsa thukuta. Amai a Cigwirizano afunsana za ici poturuka m'mapemphero, aphunzitsi a sukulu ndi amalonda acigula pakutha pa mwezi, ndipo ena afunsa akuru a mpingo ngati Mkristu aloledwa kumwa. Yankho lace lapafupi ndi lakuti viniga saledzeretsa, ndipo palibe lamulo la Mulungu loletsa kumwa. Koma funsolo liri ndi mizu yopita pansi koposa pamenepo.

Coyamba codabwitsa ndi cakuti m'dziko lino mwapezeka anthu ofuna kuonda. Kwa Acewa ndi Ansenga kunenepa kunali ulemu. Mkazi akanenepa pa ukwati, abale ace amati mkamwini asunga bwino. Akaonda, ankhoswe amayamba kufunsana. Khanda lonenepa linali cimwemwe ca mudzi wonse, ndipo mfumu yoonda inali yocititsa manyazi anthu ace. Maganizo awa sanali opusa. Anabadwa m'dziko limene miyezi ya January ndi February imapeza nkhokwe zopanda kanthu, m'dziko limene linaona njala ya 1949 ndi cilala ca 1992, ndi cilala cina cija cimene boma linacilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse m'mwezi wa February 2024. Mafuta a m'thupi anali nkhokwe yaciwiri ya munthu wosauka.

Pambuyo pace panafika zaka za kaliwondewonde. Iwo amene anadwazika abale ao m'cipatala ca St Francis ku Katete, cimene cinayamba m'caka ca 1948, kapena m'cipatala ca misyoni ya Nyanje ku Sinda, m'zaka za m'ma 1990, adziwa cimene kuonda kunatanthauza masiku aja. Munthu akacepa thupi pang'ono, anthu amanong'onezana kuseri kwa nkhokwe, ndipo ena amamuwerengera masiku. Boma litayamba kupereka mankhwala a ma ARV kwaulere m'caka ca 2005, anthu amene anali mafupa okhaokha anadzalanso thupi, ndipo mipingo inayamika Mulungu cifukwa ca masaya odzala. Tsono mbadwo umodzi wokha wapita, ndipo ana a iwo amene anaopa kuonda ali kupereka ndalama kuti aonde.

Cimene casintha sindico thupi la munthu, koma moyo wace wa tsiku ndi tsiku. Cigayo calanda nchito ya mtondo ndi munsi. Mjigo wafupikitsa ulendo wa kumadzi. Njinga yamoto itenga munthu pakhomo ndi kumtula pa msika, pamene kale amayenda pansi kapena kupalasa njinga. Zonsezi ndi madalitso, ndipo palibe mai wanzeru amene angalire mtondo. Koma pamodzi ndi izi pafika shuga wa ku Nakambala wothira supuni zinai m'kapu imodzi ya tiyi, mafuta ophikira a mpendadzuwa amene alowa m'malo mwa nsinjiro, ufa woyera m'malo mwa mgaiwa, vitumbuwa, mabanzi ndi zakumwa zotsekemera za m'mabotolo. Walira mvula walira matope. Pa kafukufuku wa za umoyo amene anacitika m'Zambia m'caka ca 2017, anapeza kuti pafupifupi munthu wamkuru mmodzi mwa anai ali wolemera thupi koposa muyeso, ndi kuti pafupifupi mmodzi mwa asanu ali ndi mwazi wothamanga. Ndipo m'dziko lomwelo, pa kuwerenga kwa 2018, ana 35 mwa ana 100 osafika zaka zisanu anapezeka opinimbira cifukwa ca kucepa kwa zakudya zoyenera. Nthawi zina mai wonenepa ndi mwana wopinimbira adya m'mbale imodzi.

Kodi tsono nkulakwa kufuna kucepetsa thupi? Iai. Mtumwi Paulo aphunzitsa Akorinto kuti thupi la wokhulupirira liri ndi Mwini wace amene analigula, ndi kuti Mzimu akhala momwemo (1 Akorinto 6). Katekisima wa Heidelberg, wolembedwa m'caka ca 1563, pofotokoza lamulo loletsa kupha, aonjezapo kuti munthu asadzipweteke yekha kapena kudziika dala m'ngozi. Thupi lolemera koposa muyeso litopetsa mtima ndi maondo, ndipo litsegula khomo la matenda a shuga ndi a kuthamanga kwa mwazi, amene atha kucititsa munthu khungu, kuumitsa ziwalo za mbali imodzi, kapena kudulitsa mwendo. Bambo wa ana asanu amene dotolo wamuuza kuti acepetse thupi, namvera, ali kusunga lamulo la Mulungu monga momwe alisungira iye amene agona m'neti poopa malungo.

Koma si onse ogula botolo aja amene atumidwa ndi dotolo. Ambiri atumidwa ndi zithunzi za pa lamya, za akazi a maiko akutali amene nchito yao ndiyo kujambulitsa, ndipo zithunzizo zakonzedwa ndi makina kuti ciuno cioneke monga ca mabvu. Ena atumidwa ndi liu limodzi la mwamuna, lonenedwa moseka pamaso pa alendo, limene linalasa mtima ndi kukhalamo. Ndipo pali cinthu cimene wowerenga angacione yekha pa misika: pamene wina afuna mankhwala oondetsa, mnzace wa msinkhu womwewo afuna mankhwala onenepetsa, ndipo kawirikawiri wogulitsa ali mmodzi. Iye alibe kanthu ndi kunenepa kapena kuonda. Malonda ace ndiwo kusakondwa kwa munthu ndi thupi limene Mulungu anampatsa, ndipo malonda amenewo satha. Samueli anacenjezedwa m'nyumba ya Jese kuti asasankhe mfumu poyang'ana msinkhu ndi nkhope (1 Samueli 16), ndipo cenjezo lomwelo liyenera mwamuna poyang'ana mkazi amene wambalira ana.

Nanga viniga ameneyu nciani? Apangidwa ndi madzi a maapozi, zipatso zimene zambiri za m'masitolo a m'Zambia zicokera ku South Africa. Madziwo awasiya kuti awire monga umo uwirira mowa, shuga wace nasanduka coledzeretsa. Ndipo tizilombo tina tosaoneka ndi maso tisandutsa coledzeretsaco kukhala asidi wowawasa. M'botolo la m'sitolo asidiyo ali ngati magawo 5 mwa magawo 100, ndipo otsalawo ndi madzi. Asidi yemweyo ndiye ali m'viniga woyera wochipa amene athira pa chipisi pa msika. Mai ali yense amene anasiyapo thobwa kufikira litasasa waona ciyambi ca nchito yomweyi m'nyumba mwace. Palibe cinsinsi ca Azungu m'menemo.

Buku Lopatulika limdziwa vinyo wosasa, ndipo limuika pa malo ace. M'munda wa Boazi okolola amanyika mkate wao m'menemo pa cakudya ca masana, ndipo Rute anaitanidwa kuti anyike nao (Rute 2). Anali ndiwo ya anchito, ya anthu amene anawerama m'munda kuyambira m'mawa. Asilikari a Roma anali naye pa Gologota, nampatsa Ambuye pa ludzu lace lomariza (Yohane 19). Ndipo wolemba Miyambo, pofuna kufanizira kuwawa kwa kutuma munthu waulesi, anasankha zinthu ziwiri: utsi m'maso, ndi vinyo wosasa pa mano (Miyambo 10). Wanzeru uja anadziwa cimene asing'anga a mano anena lero, kuti asidi adya cikopa colimba ca kunja kwa dzino, ndipo cikatha sicimeranso.

Mbiri yakuti viniga aondetsa si yatsopano, ngakhale yafika kuno posacedwa. Lord Byron, wolemba ndakatulo wa ku England amene anamwalira m'caka ca 1824, anadziwika ndi kudya mbatata zonyika m'viniga poopa kunenepa. M'caka ca 1958 dotolo wina wa ku Vermont m'dziko la America, dzina lace D. C. Jarvis, anasindikiza buku lochedwa Folk Medicine, lotama viniga wa maapozi wosakaniza ndi uci monga mankhwala a matenda ambirimbiri, ndipo bukulo linagulidwa kwambiri. Kuyambira pamenepo mbiriyi imagona zaka zingapo ndi kudzukanso, monga umo acitira bongololo mvula ikagwa.

Anthu ophunzira anayesa kuona ngati mbiriyi iri yoona, ndipo zimene anapeza ziyenera kunenedwa mosaonjeza ndi mosacepetsa. Ku Japan, pa kafukufuku amene anasindikizidwa m'caka ca 2009, anatenga anthu onenepa 175, nawagawa magulu atatu: ena amamwa supuni yaikuru imodzi ya viniga tsiku ndi tsiku, ena supuni ziwiri, ndi ena cakumwa copanda viniga. Itatha milungu 12, akumwa viniga anali atacepa kilogalamu imodzi, ena pafupifupi makilogalamu awiri. Koma atasiya kumwa, pa milungu inai yokha kulemera kunabwerera pamene kunali. Ndiponso ofufuzawo anali anchito a kampani ya Mizkan, imene malonda ace ndiwo viniga. Ici sicitsimikiza kuti ananama, koma mwini mbuzi sakhala mboni yabwino pa kunenepa kwa mbuzi yace. Mlimi aganize yekha: thumba la cimanga la makilogalamu 50 likacepa ndi kilogalamu imodzi, kodi wolisenza adziwa? Nanga munthu wolemera makilogalamu 90?

Nkhani imene inachukitsa viniga koposa zonse inaturuka m'mwezi wa March 2024, m'magazini ina ya asing'anga ya bungwe la BMJ ku Britain. Inanena kuti acinyamata 120 a ku Lebanon anayesedwa, ndi kuti akumwa viniga anacepa makilogalamu 6 kufikira 8 pa milungu 12. Manyuzipepala a maiko ambiri anaifalitsa, ndi ogulitsa anaigwira ndi manja awiri. Koma akatswiri ena anakayika, pakuti zotsatirazo zinali zokoma koposa muyeso. Bungwelo linapereka ziwerengero za olembawo kwa akatswiri a masamu, ndipo iwo analephera kupeza zotsatira zomwezo, napezamo zolakwa zambiri. Cotero m'mwezi wa September 2025 bungwe la BMJ linaicotsa nkhaniyo, ndi kupempha kuti isachulidwenso monga umboni. Komatu bodza likayenda caka ndi theka, cilungamo colitsata sicifika m'midzi yonse imene ilo linagonamo. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso cina. Ofufuza a ku Britain, m'caka ca 2014, anapeza kuti akumwa viniga amacepadi njala, koma cifukwa cacikuru cinali nseru. Ndiko kunena kuti munthu adya pang'ono cifukwa m'mimba mwace mwanyansidwa. Ndipo womwa mopitiriza adzipweteka. Asing'anga a ku Austria analemba m'caka ca 1998 za mai wa zaka 28 amene anamwa kapu yodzala ya viniga wa maapozi tsiku ndi tsiku kwa zaka 6. Mcere wina wofunika wa m'mwazi, wochedwa potaziyamu, unamcepera, ndipo mafupa ace anafooka monga a nkhalamba. Viniga wosasungunula ndi madzi aocha kum'mero, ndipo wodwala shuga wobaya insulini, kapena wakumwa mapiritsi okodzetsa a kuthamanga kwa mwazi, angaonjeze ngozi pa ngozi.

Ngati tsono phindu liri laling'ono cotere, cifukwa ninji botolo ligulidwa? Apa ndipo pagona funso leni leni, ndipo liri la mtima koposa la mimba. Botolo lilonjeza kukolola kopanda kulima. Silipempha munthu kuti acepetse mitanda ya nsima, kapena asiye shuga, kapena atsike pa njinga yamoto ndi kuyenda pansi. Lipempha ndalama zokha, ndi kukwinya nkhope kamodzi m'mawa. Cilakolako cimeneci ncakale m'mitima ya anthu, ndipo Acewa acidziwa ndi maina ena. Iye amene apita kwa sing'anga kukafuna cizimba ca kulemera, kuti nkhokwe yace idzale pamene khasu lace liri ndi dzimbiri, ali ndi mtima womwewo. Mpingo unalalikira zaka zambiri potsutsa zithumwa za m'ciuno ndi nyanga za kudenga, kuyambira pamene amisyoni anafika ku Magwero m'caka ca 1899 ndi ku Nyanje m'caka ca 1905, ndipo Akristu ambiri anazitaya. Koma mtima wokhulupirira cithumwa sufa cifukwa cithumwa caochedwa. Ubvala cobvala cina. Lero cithumwa ciri ndi pepala la Cingerezi ndi cithunzi ca cipatso, ndipo Mkristu amene sangalowe m'kacisi wa mizimu acinyamula poyera m'cikwama cimodzi ndi buku la nyimbo.

Namani, kazembe wa Aramu, anakwiya pamene Elisa anamuuza kuti akasambe m'Yordano kasanu ndi kawiri. Anali atabwera ndi siliva ndi golidi, nayembekeza cinthu cacikuru ndi cacilendo, ndipo anyamata ace ndiwo anamkumbutsa kuti cinthu cobvuta akadacicita mokondwa (2 Mafumu 5). Momwemonso munthu akauzidwa ku cipatala kuti adye mgaiwa, acurukitse bonongwe, nkhwani, khwanya ndi therere, adye nyemba ndi nsawawa, acepetse mafuta ndi mcere, amwe madzi m'malo mwa zotsekemera, nayende pansi, aturuka wokhumudwa, nati sanampatsa mankhwala. Zinthuzi azipeputsa cifukwa ziri kuseri kwa nyumba yace, ndiponso cifukwa ndizo zakudya za umphawi umene anauthawa. Ici nco bvuta kucinena, koma ncoona: kwa munthu amene anakula ndi mfutso, kubwerera ku mfutso kuoneka ngati kutsika, ndipo botolo la mtengo wapatali lisunga ulemu wace pamaso pa anzace. Kuwawasa kwa viniga nakonso kuthandiza cinyengoco, pakuti anthu akhulupirira kuti mankhwala owawa ndiwo amphamvu; ndipo womwa, atamva kuwawa m'mawa, ayesa kuti walipira mlandu wa zimene adzadya masana.

Wina adzatsutsa, nadzati: Kodi Mkristu samwa mankhwala a malungo? Kodi mlimi sathira feteleza? Nanga kufuna cithandizo pa kuonda kulakwa pati? Kutsutsa uku kuli ndi mphamvu, ndipo kuyenera kuyankhidwa bwino. Mankhwala ali mphatso ya Mulungu, ndipo Luka wolemba Uthenga Wabwino anali sing'anga. Masiku ano alipodi mankhwala obaya, monga semaglutide, amene ayesedwa pa anthu zikwi zambiri napezeka kuti acepetsadi thupi, ngakhale mtengo wace uli wosafikirika kwa mlimi wa ku Katete, ndipo afuna dotolo woyang'anira. Wodwala amene apatsidwa otere ndi dotolo sacimwa. Kusiyana kwace kuli pawiri. Mankhwala a malungo ayesedwa, ndipo acita cimene anena. Viniga wayesedwa, ndipo sacita cimene ogulitsa anena. Ndiponso mlimi wothira feteleza adziwa kuti adzapalirabe munda; akathira ndi kukagona, feteleza adyetsa udzu. Paulo achula kudziletsa pakati pa zipatso za Mzimu (Agalatiya 5), ndipo cipatso cikula pa mtengo pang'onopang'ono. Simoni wa ku Samariya anayesa kugula mphatso ya Mzimu ndi ndalama, ndipo Petro anamdzudzula kolimba (Macitidwe 8).

Koma apa mlaliki acenjere, pakuti nkwapafupi kucoka pa coonadi ici ndi kugwa m'cimo lina, ndilo kuweruza munthu ali yense wonenepa monga wosusuka. Si cotero. Pali mabanja amene thupi lalikuru liri la kumtundu, monga umo ena ali atali ndi ena afupi. Mai wobala ana asanu ndi mmodzi sabwerera ku thupi la unamwali wace. Jekeseni wa kulera anenepetsa amai ena, ndi mankhwala ena a makono a ma ARV aonjeza thupi. Ndipo wakumwa amenewa asawasiye konse cifukwa ca kunenepa, koma akakambe ndi a cipatala, pakuti moyo uposa ciuno. Umphawi nawonso unenepetsa mwa njira yace: pamene nyama, mazira ndi nsomba zisowa, banja likhuta ndi nsima yambiri ndi ndiwo pang'ono zosambira m'mafuta, ndipo mai amariza zotsala za ana kuti zisatayike. Kunena kwa mai wotere kuti alibe kudziletsa ndiko kumuikira katundu amene wonenayo sanasenzepo. Eli wansembe anali wolemera thupi, ndipo Buku Lopatulika limtsutsa cifukwa ca kulekerera ana ace (1 Samueli 3 ndi 4). Za kulemera kwace lingochula.

Ndiponso munthu sadya yekha m'midzi yino. Kukana nsima ya mnansi ndiko kumnyoza, ndipo mlendo akadya pang'ono, mwini nyumba afunsa cimene walakwa. Mbusa kapena mkuru wa mpingo woyendera mabanja asanu pa tsiku limodzi apeza nkhuku ndi nsima yoyera m'nyumba zonse zisanu, ndi cakumwa cotsekemera cimene mwana anathamangira ku golosale. Ndipo abusa onenepa sasowa m'misonkhano ya Sinodi. Cikondi cimeneci ncabwino, koma cikondi cimene cikakamiza wodwala shuga kumwa cotsekemera cifuna kuphunzitsidwa. Mpingo umene ufuna kuti anthu ace adziletse uyambe ndi kulola mlendo kunena kuti wakhuta, osamuimba mlandu wa kunyada, ndi kupereka madzi, nsawawa kapena cipatso monga ulemu wokwanira.

Tsono patsala nkhani ya umboni, imene iri yolemera koposa zonse. Botolo silidzigulitsa lokha. Ligulitsidwa ndi pakamwa pa mnansi. Mai wina auza mnzace kuti iye linamthandiza, ndipo kawirikawiri sanama dala. Mwezi umene anayamba kumwa viniga ndiwonso mwezi umene anasiya shuga m'tiyi, naleka vitumbuwa, ndipo unali mwezi wa kupalira. Thupi linacepadi, ndipo ulemu unapita kwa botolo pamene unayenera khasu. Iwo amene anamwa osaona kanthu akhala cete ndi manyazi, cotero pa mudzi pamveka mau a opindula okha. Lamulo loletsa umboni wonama silikhudza bwalo la mfumu lokha. Likhudza mau ali onse amene mnansi adzamangapo cocita cace. Munthu amene anena motsimikiza cinthu cimene sacidziwa, pa nkhani ya thupi la mnzace, wacita umboni wonama, ngakhale mtima wace unali wabwino.

Ndipo ngati wonenayo ali wogulitsa, mlandu ukula. Katekisima uja, pofotokoza lamulo loletsa kuba, awerenga pamodzi ndi kuba miyeso yonyenga ndi malonda acinyengo, ndiponso kumwaza mphatso za Mulungu pa zinthu zopanda pace. Alimi a thonje ndi soya a ku Sinda ndi Vubwi adziwa kuwawa kwa sikelo yonyenga ya ogula mbeu a m'mbali mwa mseu. Lonjezo lonama pa botolo liri sikelo yomweyo. Kugulitsa viniga monga viniga ndi malonda abwino. Kumgulitsa monga mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa mwazi ndi a kunenepa ndiko kutenga ndalama pa cinthu cimene wogula sadzalandira. M'Zambia muli bungwe la boma loyang'anira mankhwala, lochedwa ZAMRA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la m'caka ca 2013, ndipo mankhwala enieni ayenera kubvomerezedwa ndi ilo. Viniga alowa m'sitolo monga cakudya, pa thandala limodzi ndi mcere ndi tsabola.

Ngozi yoopsa iri pa wodwala amene asiya mapiritsi a ku cipatala cifukwa mbale wa mumpingo wamuuza kuti botolo likwanira. Kuthamanga kwa mwazi sikupweteka. Munthu adzimva wamphamvu kufikira tsiku limene agwa m'munda, pakamwa patakhota ndi dzanja litalefuka. Pamenepo wolangiza uja adzafika ku cipatala ndi phala ndi pemphero, osadziwa kuti mau ace anali pakati pa zimene zinamgwetsa mbale wace. Marko alemba za mai amene anataya cuma cace conse kwa asing'anga ambiri zaka 12, matenda nangokula (Marko 5), ndipo amai otere sanathe m'dziko. Cifukwa cace akuru a mpingo acita bwino akaletsa malonda a mankhwala otere pakhomo pa chalichi ndi m'misonkhano ya Cigwirizano, pakuti cinthu cogulitsidwa pamenepo citenga ulemu wa mpingo, ndipo nkhalamba iciyesa cobvomerezedwa ndi abusa.

Iye amene akayika za thupi lace ali ndi njira yapafupi. Kuyambira m'caka ca 2006 boma linacotsa malipiro m'zipatala zace zazing'ono za kumidzi, ndipo kumeneko namwino atha kumuyesa kulemera ndi msinkhu, ndi kupima mwazi wace. Ena amene adziyesa onenepa adzauzidwa kuti thupi lao liri pa muyeso wabwino, nabwerera kwao opepukidwa mtima. Ena oonda adzapezeka ndi mwazi wothamanga umene sanaudziwa. Ndipo munthu amene ali kuonda msanga osafuna, makamaka ngati amva ludzu kwambiri, kapena atsokomola milungu iwiri, asakondwere, koma afulumire kukapimitsa shuga, cifuwa cacikuru ndi HIV.

Nanga botolo limene lagulidwa kale licitidwe ciani? Lisatayidwe, pakuti ndalama zinapita. Viniga akoma pa kabici wosaphika wodula ndi matimati ndi anyezi, afewetsa nyama yolimba ya nkhuku yacikuda, ndipo asunga mango aawisi ndi tsabola m'botolo kwa miyezi. Wofunabe kumwa asapitirire supuni imodzi kapena ziwiri pa tsiku, asungunule m'kapu yodzala ya madzi, amwe pamodzi ndi cakudya, nacukuce m'kamwa pambuyo pace cifukwa ca mano. Ana asapatsidwe. Wodwala zilonda za m'mimba aleke konse, ndipo wakumwa mankhwala a shuga kapena a mwazi ayambe wafunsa ku cipatala, atanyamula botololo kuti namwino alione.